Timapepala Tachikasu ta a Katatu

Mumsewu wa ogulitsa zamagetsi, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi mayi wa fotokope, munali kashopu ka wokonza makompyuta wina yemwe anthu onse ankamutchula kuti Chotsani. Dzinali analigula ndi pakamwa pake. Munthu akabwera ndi kompyuta yatsopano, ikadanunkha katoni, iye ankaiyatsa n'kuyang'ana timapulogalamu taulere tija timabwerera limodzi ndi makina: kalendala, wotchi ya alamu, kowerengera masamu, kojambulira mawu, ndi kolembera timapepala tomata pasikirini. Akatero ankakwinya nkhope ngati waona mphemvu m'kapu ya tiyi.

"Chotsani izi," ankatero. "Chinthu chikakhala chabwino sapereka chaulere. Izi n'zinyalala, zimangolemetsa makina."

Lamulo lake lachiwiri linali laulemu, ndipo ankalinyadira kuposa loyambalo: za anthu sankawerenga. Kalata ikatseguka pasikirini, maso ake ankathawira kudenga mpaka ataitseka. "Ine ndine wokonza, sindine kazitape," ankauza aliyense. N'chifukwa chake maloya, aphunzitsi, ngakhalenso azibambo a zibwenzi zamseri, ankamusiyira makina awo mtima uli m'malo. Malamulo awiriwa anamudyetsa zaka khumi ndi zisanu. Ndi malamulo omwewanso amene, Lachisanu lina m'mawa, anafufuta nzeru zotsala za bambo ake pa mphindi makumi anayi zokha.

Bambo akewo ankakhala okha kutsidya lina la tauni, m'nyumba ya zipinda ziwiri, chimwalirireni mayi zaka zitatu zapitazo. Moyo wawo wonse anagwira ntchito pawindo logawira mankhwala kuchipatala, ndipo poti tsiku lonse ankangoti "awiri katatu patsiku, mukatha kudya," dzina linawakanirira loti a Katatu. Anali munthu wolemba chilichonse. Kale, manja asanayambe kunjenjemera, m'nyumba mwawo ngakhale botolo la shuga linali ndi kapepala konena kuti ndi shuga, ngati kuti wina angalisokoneze ndi mchenga.

Kompyuta anawagulira ndi mwana wawo wamkazi, mlongo wake wa Chotsani, mphunzitsi wokhala kutauni ina yakutali. Ankafuna kuti nkhalambayo izionerapo zithunzi za adzukulu. Chotsani atafuna kuiyeretsa monga mwa chizolowezi chake, bambo anayala chikhatho pakiyibodi.

"Ingoyang'ana, iwe. Usachotse kanthu."

Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse chakumadzulo foni inkalira m'thumba la Chotsani, ndipo uthenga unali womwewo ngati belu la kusukulu: "Mwana wanga, kompyuta ikuchedwa." Loweruka, tsiku limene makasitomala amachita kupondana pakhomo la shopu, iye ankatseka, n'kukwera mabasi awiri ndi chikwama chake chakuda cha zida. Akafika ankamasula chivundikiro, kuuzira fumbi, kuyesa ichi ndi icho. Sankapeza vuto lililonse. Sikirini inkakhala yoyera, makina akuyenda bwinobwino ngati mwana wadya. Bambo ankakhala pambali pake akuonerera, akufunsa dzina la kawaya kalikonse, tiyi ali patebulo. Ikakwana ola limodzi, Chotsani ankamanga chikwama, kumwa tiyi choimirira, n'kuthamangira basi.

Zaka ziwiri za Loweruka lotere zimatopetsa ngakhale munthu woleza. Ndipo Chotsani kuleza sanabadwe nako.

Lachisanu lija anadziwa kuti bambo apita kukayezetsa magazi, ataperekezedwa ndi mayi wosoka zovala wa nyumba yoyandikana nayo. Anatenga kiyi wake, n'kufika nthawi yomwe sankayembekezeka. Atangoyatsa kompyuta anaombetsa manja. Sikirini yonse inali yodzaza ndi timapepala tachikasu, tina pamwamba pa tinzake, kuyambira pakona mpaka pakona, moti chithunzi cha adzukulu chakumbuyo chinkangooneka khutu limodzi. Zimenezi anali asanazionepo.

"Ndakupeza lero, mfiti iwe!" anatero, akuseka yekha.

Munali zolemba m'timapepalamo, mizeremizere. Koma za anthu sankawerenga. Anayang'ana kudenga, n'kutitseka tonse kamodzi. Anakopera paflashi foda ya zithunzi ndi makalata atatu omwe anapeza, chifukwa pa zimenezo anali wosamala ndithu. Ankadziwa bwino lomwe kuti timapepala totere sitisungidwa mufoda ya makalata, tili ndi pobisala pake. Kungoti m'mutu mwake munalibe malo a ganizo loti munthu wamoyo angasunge kanthu kofunika m'chinthu chaulere. Anafufuta disiki yonse, kuika zonse mwatsopano, kenako n'kuzula kalendala, alamu, timapepala ndi tinzake tonse. Pomaliza makina ankayaka msanga munthu asanatsitse n'chala chomwe.

Bambo atafika anawakhazika pampando ngati mlendo wolemekezeka.

"Yatsani muone, Bambo. Lero matenda ndawapeza. Simudzandiimbiranso."

A Katatu anayatsa. Anayang'ana sikirini yopanda kanthuyo nthawi yaitali. Anakankhira mausi kukona yakumanja, n'kudina pamalo popanda chilichonse. Anadinanso.

"Timapepala tija tili kuti?"

"Ndachotsa. Ndi timene timakuchedwetserani makina. Zithunzi zonse zilipo, musadandaule."

Nkhalamba inatembenuka n'kumuyang'ana kumaso, kenako pachikwama, kenako kumasonso.

"Chabwino," inatero motsitsa mawu. "Zikomo kwambiri, bambo. Mwagwira ntchito."

Chotsani anaseka, poganiza kuti akumunyogodola ndi ulemu wachilendowo. Anamwa madzi, n'kuthamangira basi. Safunsa anadya phula.

Madzulo a tsikulo foni sinalire. Loweruka anagwira ntchito tsiku lonse akuimba mluzu, mpaka wowotcherera zitsulo anamufunsa ngati wapeza mkazi wachiwiri. Lamlungu anagona masana kwa nthawi yoyamba pa zaka ziwiri. Lolemba chakum'mawa, ali mkati momasula laputopu ya loya wina, foni inalira. Anali mayi wosoka uja, mawu ali m'mwamba.

"A Chotsani, siyani zonse mubwere. Agogo ali pasiteji ya basi chiyambire mbandakucha, agwira ambulera, akukana kubwerera. Akuti akudikira amayi anu."

Anawapeza pomwepo, ataima mowongoka pafupi ndi chipilala cha siteji, malaya atamanga mabatani mophonya, ambulera ya maluwa ya malemu akazi awo ili m'manja, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Basi iliyonse ikaima ankasuzumira pawindo lililonse, mmodzimmodzi.

"Bambo, tiyeni kunyumba."

"Pepani achimwene, ndikudikira akazi anga. Apita kumsika, ndiye aiwala ambulera. Kapena mwawaona? Ndi aafupi, oseka ndi munthu aliyense."

Chotsani anawagwira pamkono, ndipo iwo anamutsatira mwaulemu monga mmene munthu amatsatira wapolisi. M'nyumba munkanunkha poto wopserera. Mabotolo a mankhwala anali pawindo, osatsegulidwa chiyambire Lachisanu. Kompyuta inali chiyakire, mpando uli patsogolo pake, ndipo zinkaoneka kuti munthu anakhalapo nthawi yaitali akudikira kuti imuuze kanthu.

"Koma achedwatu," anatero a Katatu, akusuzumira pakhomo. "Sachita zimenezi. Inu mukudziwa komwe ali?"

Chotsani anali munthu wa zoona zosakuta. Kasitomala akabwera ndi makina akufa ankamuuza pomwepo kuti afa. Anachitanso chimodzimodzi.

"Amayi anamwalira, Bambo. Papita zaka zitatu."

Zimene anaona sadzaziiwala mpaka naye adzalowe m'manda. Nkhope ya bambo ake inagwa ngati khoma lonyowa. Anakhala pansi, osati pampando koma pasimenti penipeni, ambulera ili pachifuwa.

"Liti? Bwanji simunandiuze? Anadwala chiyani? Anali yekha?"

Analira maliro atsopano, a tsiku loyamba, aja otuluka m'mimba. Chotsani anagwada pambali pawo osadziwa poika manja. Patapita ola limodzi nkhalamba inatonthola, inamwa madzi, inayang'ana wotchi yapakhoma, n'kufunsa ngati akazi awo abwerako kumsika.

Mayi wosoka anamukokera panja, kuseri kwa chingwe choyanikira zovala. Anali mayi wonenepa, wa tepi yoyezera m'khosi, wosazolowera kunong'ona, koma tsikulo ananong'ona.

"Inu simumadziwa? Ayi, simukanadziwa, anandilumbiritsa. Mutu wawo unayamba kutayikira chaka chatha chisanafike. M'mawa uliwonse, asanasambe n'kumaso komwe, amayatsa kompyuta n'kuwerenga timapepala tawo. Akamaliza amatuluka ali munthu, kundipatsa moni ndi dzina langa. Alamu ikalira amamwa mankhwala. Zonsetu zinali mmenemo."

"Nanga osalemba papepala lenileni bwanji? Osamata pakhoma?"

"Ndi manja ake ati? Cholembera chimawathawa. Komanso pakhoma mukanaona. Achemwali anu ananena kale kuti tsiku lomwe adzalephere kudzisamala adzawatenga. Iwo m'nyumba muno safuna kuchokamo, muli fungo la akazi awo. Pakompyuta amangodina kamodzi, zonse zabisala." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya tepi. "Mwachita bwanji kodi, a Chotsani? Si inu odziwa zimenezi?"

Funso limenelo linamulasa kuposa chitonzo chilichonse. Anapempha mayiyo kuti akhale ndi bambo, anamasula disiki m'kompyuta, n'kuikulunga m'mpango ngati dzira.

Ali m'basi anaimbira mlongo wake. Anafotokoza zonse, osadzichotsera ngakhale pang'ono. Kumbali inayo kunamveka kulira, kenako mkwiyo.

"Achimwene, inu mumapitako sabata iliyonse. Sabata iliyonse! Simunaone kanthu?"

"Ndimayang'ana kompyuta."

"Eya, ndi zimene mumadziwa. Ndikubwera Loweruka ndi galimoto. Muwalongedzere zovala."

"Tandipatsa masiku ochepa. Ndikabweza timapepalato, mwina abwerera mwakale."

"Mpaka Loweruka. Akadzapezekanso pamsewu ndi ambulera, ine sindidzakukhululukirani."

Kushopu anapachika chikwangwani choti kwatsekedwa. Loya uja anagogoda mpaka kutopa. Chotsani analumikiza disiki ku makina ake akuluakulu, n'kuyamba kusesa pansi pa zomwe anaika yekha, kufunafuna zotsalira. Chinthu chofufutidwa pakompyuta sichifa nthawi yomweyo, chimangodikira kuti china chidzachigonere pamwamba. Tsoka lake linali loti ntchito yake ankaigwira bwino. Zatsopano zija anazipondereza mwaluso pamalo pomwe panali zakale. Madzi akatayika saoleka, koma munthu amagwadabe ndi chinkhupule.

Anasesa Lolemba masana onse ndi Lachiwiri lonse, akugona kwa bambo, akuyankha funso la kumsika kasanu patsiku. Anali ataphunzira kunama. "Abwera, Bambo, imwani kaye tiyi." Lachitatu dzuwa lili paliwombo, pakati pa zilembo zopanda mutu, panatumphuka mawu a munthu. Fayiloyo inkasonyeza kuti timapepala tinalipo makumi anayi ndi titatu. Towerengeka tinatsala tisanu ndi tiwiri.

Kwa nthawi yoyamba pa ntchito yake, Chotsani anawerenga za munthu.

Zinalembedwa monga mmene a Katatu ankalembera pamabotolo, mwachidule, mosanyengerera.

"Alamu ikalira: oyera awiri, wofiira mmodzi. Ukamwa, chonga pakalendala. Ngati pachongedwa kale, usamwenso."

"Chitofu: zimitsa. Ukafika pakhomo bwerera ukaonenso."

"Mayi wosoka wa chitseko chobiriwira ndi munthu wabwino. Mpatse moni. Za mwamuna wake usafunse, anathawa."

Chotsani anaseka pang'ono. Kachinayi kanali ka adzukulu, mayina ndi makalasi awo, theka lake litadyeka. Kachisanu kanali ka kiyi wapakhomo. Kachisanu ndi chimodzi kanali katali.

"Mkazi wako anamwalira. Sanavutike. Unali pomwepo, unamugwira dzanja, anakuuza kuti usamadye choimirira. Werenga kamodzi m'mawa uliwonse, uli wekha, chitseko chili chotseka. Lira. Ukatha samba kumaso, uteleke tiyi. Usapite kusiteji. Usafunse ana, zimawapweteka."

Ndiye kuti m'mawa uliwonse, kwa chaka ndi miyezi, bambo ake ankamva uthenga wa maliro okhaokha m'chipinda chotseka, n'kulira, n'kusamba kumaso, kuti ana awo asadzamve funso lija. Chotsani anaimirira, anazungulira m'kashopu kopanda pozungulira, anakhalanso pansi. Kanatsala kamodzi.

"Wamtali wa chikwama chakuda ndi mwana wako woyamba. Amakonza makompyuta. Sakhala pansi ngati palibe chowonongeka. Lachisanu madzulo muimbire, dina 2 pafoni osachotsa chala. Unene kuti kompyuta ikuchedwa. Siikuchedwa. Loweruka bisa timapepala asanafike. Tiyi wake shuga masupuni awiri. Kamodzi pasabata. Usapyole muyezo, ali ndi ntchito."

Mayi wa fotokope anati anamva ngati wina akutsamwa kuseri kwa khoma, n'kubwera kudzagogoda. Chotsani sanatsegule. Anali atagwetsa mutu pakiyibodi, akulira mmene sanalirire ngakhale pamaliro a mayi ake, chifukwa tsiku limenelo anatanganidwa ndi kukonza zokuzira mawu.

Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, anabwezera disiki m'kompyuta ya bambo. Anabwezeranso timapulogalamu tonse tomwe anazula, kamodzikamodzi, ngati munthu wobweza katundu wakuba. Anatchera alamu. Anatsegula kalendala. Kenako analemba timapepala tisanu ndi tiwirito liwu ndi liwu, osasintha ngakhale kadontho. Atafika pa "kamodzi pasabata" zala zake zinaima. Anafuna kulemba kuti tsiku lililonse. Koma iye anali ndani kuti asinthe muyezo woikidwa ndi a Katatu? Anasiya momwemo.

Tina makumi atatu ndi tisanu ndi kamodzi anayesa kupeka. Anafunsa mayi wosoka, anaimbira mlongo wake, analemba za malo osungira sopo, za tsiku lotaya zinyalala, za njira yakuchipatala. Koma ankadziwa kuti akungolota. Munthu amadzilembera zimene iye yekha akudziwa kuti zikumuthawa, ndipo zimenezo palibe wina angazidziwe.

Lachinayi m'mawa anawakhazika bambo patsogolo pa sikirini, iye n'kutuluka, n'kutseka chitseko. Anaima panja akumvetsera. Anamva mausi ikudina. Patapita nthawi anamva kulira kuja, kenako madzi akuthira m'beseni. Alamu italira, nkhalamba inamwa oyera awiri ndi wofiira mmodzi popanda wouza.

Koma masana anawapeza akuyang'ana timapepala tatsopano tija, nkhope itakwinyika.

"Izi sindinalembe ine," anatero, akuloza ndi chala chonjenjemera. "Wina walowa muno. Ine sindinena kuti 'chonde'. Pabotolo salembapo chonde."

Kuyambira pamenepo anayamba kukayikira tonse, ngakhale tawo tomwe. Chizolowezi chomwe anachimanga tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu chinali chitaduka kwa masiku asanu ndi limodzi, ndipo mutu wotere sulumikiza pomwe paduka. Lachisanu m'mawa, Chotsani ali kosamba, bambo anatuluka ndi ambulera. Anakawapeza atadutsa siteji, ali pakati pa msewu waukulu, magalimoto akuwalizira mahutala mbali zonse. Chotsani anaimbira mlongo wake n'kumuuza kuti abwere ndithu ndi galimoto ija.

Tsiku lonselo analongedza. Malaya, nsapato, mabotolo a mankhwala, chithunzi chaukwati. Diresi ya mayi yomwe inali chipachikire kuseri kwa chitseko anaipinda n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi. Bambo ankamuonerera ngati mmene munthu amaonerera anthu osamutsa katundu wa eni ake, ndipo kawiri konse anamufunsa mwaulemu ngati watumidwa ndi landilodi. Sabata yonseyo anali asanamutchulepo kuti iwe. Katoni ya kompyuta anaitsitsa pamwamba pa kabati, koma anaganiza zoilongedza m'mawa.

Chakumadzulo, dzuwa litapendeka, anali kukhitchini akukulunga makapu m'nyuzipepala. Foni inalira m'thumba mwake. Atayang'ana, anaona kuti akuimba ndi Bambo. Anasuzumira pakampata ka chitseko. A Katatu anali pampando wawo, msana uli kwa iye, magalasi ali pamphuno, chala chimodzi chili pasikirini kutsatira mzere, foni ili kukhutu.

Anayankha motsitsa mawu.

"Halo, Bambo."

"Mwana wanga," mawuwo anamveka kawiri, pafoni ndi kuseri kwa chitseko, "kompyuta ikuchedwa."

Chotsani anatseka maso.

"Yayambanso? Musadandaule. Ndili chapafupi pompano, ndikubwera."

"Ngati uli ndi ntchito, ubwere mawa."

"Ndilibe ntchito, Bambo."

Anatenga chikwama chake chakuda pomwe anachiponya Lolemba, anatulukira khomo lakumbuyo, anazungulira nyumba kudutsa pansi pa chingwe cha zovala. Mayi wosoka, ali pamakina ake pakhonde, anamuona akupukuta kumaso ndi mkono wa malaya, n'kupitiriza kusoka. Anafika pakhomo lakutsogolo n'kugogoda ngati mlendo.

A Katatu anatsegula. Anayang'ana munthu wamtaliyo, anayang'ana chikwama chakuda, anacheukira kusikirini komwe timapepala tachikasu tinali poyera, kenako nkhope yawo inamasuka yonse.

"Wabwera iwe! Lowa, lowa. Taima kaye pomwepo."

Anathamangira kukompyuta ndi liwiro la nkhalamba, n'kuyamba kulimbana ndi mausi kuti abise timapepala tawo. Dzanja linkaphonya. Chotsani anayang'ana kudenga, monga mwa lamulo lake, mpaka atamva kuti zatheka.

Makapu onse anali atakulungidwa, koma bambo anafukula awiri m'katoni osafunsa kuti alowamo bwanji. Anateleka tiyi. Anathira shuga masupuni awiri, wina n'kutayikira patebulo. Chotsani anakoka mpando, anakhala pansi, anamwa tiyi yense ali chikhalire. Kenako anatsegula chikwama, anasankha sikuludiraiva yaing'ono kuposa zonse, n'kuyamba kumasula chivundikiro cha kompyuta yopanda vuto, yomwe mawa lake inali yokalowa m'katoni. Ankamasula pang'onopang'ono, sikuluwu imodzi, kupuma, kuiika m'mbale, kenako ina.

Bambo anasendeza mpando wawo mpaka mapewa awo anagundana.

"Kawaya aka ndi kachiyani?"

"Aka ndi kopititsa magetsi kufani yoziziritsa makina, Bambo."

"Nanga aka?"

Anawauza. Anawauzanso kachiwiri atafunsanso komweko. Kunja ana a sukulu ankadutsa akuphokosera, makina a mayi wosoka akulira. Nkhalamba inayala chikhatho chake chonjenjemera pakiyibodi.

"Ingoyang'ana, iwe. Usachotse kanthu."

"Sindichotsa kanthu, Bambo."